Chala chikukhudza koma View ili zii: mmene mungapezere pomwe pavuta pa Android

Ndinapanga masewera a bawo a pafoni. Thabwa lake ndi View (gawo la app lomwe limajambulidwa pa sikirini n'kumalandira kukhudza) yolemba ndekha mu Kotlin, yojambula mizere 4 ya maenje 8, onse pamodzi 32, ndi njere 64. Kudina dzenje ndiko kulisankha. Kukokera chala kumanja kapena kumanzere ndiko kunena mbali yomwe njere zilowere. Kukanikiza osachotsa chala ndiko kufunsa kuti m'dzenjemo muli njere zingati. Pa emulator, foni yoyeserera ya pa kompyuta, zonse zinkayenda. Nditawapatsa amalume foni kuti ayeseko, anakoka chala katatu, njere osasuntha, n'kundibwezera foniyo amvekere iwo abwerera ku thabwa lawo la pansi pa mtengo.

Masiku awiri ndinangokhalira kusintha manambala mu onFling, function yomwe imalira chala chikakokedwa mothamanga, kuchepetsa apa, kuwonjezera apo. Kunali kulota chabe. GestureDetector, chida cha Android chozindikira ngati chala chadina, chakoka kapena chakanikiza, imakhala kumapeto kwenikweni kwa njira, ndipo imangowerenga zomwe yapatsidwa. Uthenga wa chala umachokera pa sikirini, n'kufika pa Activity, n'kutsika kudutsa ViewGroup iliyonse yomwe yafungatira View yanu (yofungatirayo timaitcha kholo, yofungatiridwayo mwana), kenako n'kufika kwa inu. Kukhudza kulikonse kumayamba ndi ACTION_DOWN, pakati pamabwera ma ACTION_MOVE ambirimbiri, ndipo kumatha ndi ACTION_UP kapena ACTION_CANCEL. Ntchito yanu ndi kupeza uthenga womaliza womwe unafika. Umenewo ndiwo ukuuzeni wopalamula.

1. Yambani mwaona ngati foniyo ikuchimva chalacho

Pitani ku Settings, About phone, dinani Build number ka 7 kuti Developer options itseguke. Mmenemo yatsani Show taps ndi Pointer location. Yoyambayo imaika kadontho pomwe mwakhudza. Yachiwiriyo imajambula mzere wotsatira chala, ndipo pamwamba pa sikirini imalemba chiwerengero cha zala zomwe foni ikuziona.

Kokani chala pa View yanu. Mzere ukamaduka, kapena foni ikamanena kuti pali zala ziwiri inu mwaikapo chimodzi, khodi yanu isiyeni kaye. Zulani tchaja, pukutani sikirini, yang'anani galasi lotetezera lija ngati lasweka. Matchaja ena otchipa amachititsa sikirini kumva zala zomwe kulibe. Mzere ukakhala wosalala, vuto lili kwa ife olemba.

2. Ikani mlonda pakhomo la View

Musaike breakpoint. Mukaimitsa app pakati pa kukhudza, nthawi imapitirirabe kuwerengedwa ndipo zomwe muone sizikhala zenizeni. Lembani log, ndipo muilembe mu dispatchTouchEvent, chifukwa pamenepo ndiye pakhomo pomwe uthenga uliwonse umalowera usanagawidwe.

```kotlin
override fun dispatchTouchEvent(e: MotionEvent): Boolean {
    val yankho = super.dispatchTouchEvent(e)
    Log.d("Bawo", MotionEvent.actionToString(e.action) +
        " zala=" + e.pointerCount + " yankho=" + yankho)
    return yankho
}
```

Pa kompyuta lembani `adb logcat -s Bawo` (adb ndi chida cholamulira foni kuchokera pa kompyuta), kenako kokani chala kamodzi kokha. Muona chimodzi mwa zinthu zinayi: palibe chomwe chalembedwa, ACTION_DOWN yokha basi, ACTION_DOWN ndi ma ACTION_MOVE ochepa kenako ACTION_CANCEL, kapena zonse zafika bwinobwino mpaka ACTION_UP koma app yamva zina. Chilichonse chili ndi mankhwala akeake. Pitani pa gawo lomwe likukukhudzani.

3. Ngati palibe chalembedwa

Wina waima kutsogolo kwa View yanu, kapena View yanuyo siili pomwe maso akuionera. Mu Developer options momwemo yatsani Show layout bounds, kapena tsegulani Layout Inspector mu Android Studio, muone malire enieni.

Kawirikawiri amakhala FrameLayout wosaoneka yemwe munaika pamwamba kuti azionetsa chizindikiro chodikira, ali ndi clickable, ndipo pomaliza munangomuika alpha 0. View ya alpha 0 imalandirabe zala. Yomwe salandira ndi ya INVISIBLE kapena GONE. China ndi ichi: mukaika clipChildren kukhala false, mwana atha kujambulidwa kunja kwa malire a kholo lake, koma chala chikagwa kunjako uthenga sufika, popeza kholo lenilenilo silinakhudzidwe. Chimodzimodzi TranslateAnimation yakale ija, imasuntha chithunzi chokha, malo okhudza n'kutsala pakale. Sunthani ndi translationX kapena ObjectAnimator, zonse ziyendera limodzi.

4. Ngati mwaona ACTION_DOWN yokha, yankho=false

Ili ndilo vuto lomwe limagwira pafupifupi aliyense koyamba. Lamulo la Android ndi lakuti View ikabweza false pa ACTION_DOWN, yanena kuti kukhudza kumeneku si kwake, ndipo silandiranso kanthu mpaka chala chichoke n'kubweranso. Tsono SimpleOnGestureListener, yomwe tonse timayambira, ili ndi onDown yobweza false. Mukalemba `return detector.onTouchEvent(e)` osakonza onDown, mwadzitsekera nokha chitseko.

Chizindikiro chake n'chodabwitsa. onFling ndi onScroll zimakhala zii, koma onLongPress imalira ngakhale mutangodina pang'ono. Chifukwa chake n'chakuti ACTION_DOWN itafika, GestureDetector inatchera wotchi yodikira kukanikiza kwa nthawi, ndipo ACTION_UP yoti izimitse wotchiyo sinafike. Mukaona kudina kulikonse kukusanduka kukanikiza, musafufuze kwina.

```kotlin
private val detector = GestureDetector(context,
    object : GestureDetector.SimpleOnGestureListener() {
        override fun onDown(e: MotionEvent) = true
        override fun onSingleTapUp(e: MotionEvent): Boolean {
            sankhaDzenje(e.x, e.y)
            performClick()
            return true
        }
    })

override fun onTouchEvent(e: MotionEvent): Boolean {
    detector.onTouchEvent(e)
    return true
}
```

Onani kuti detector yapangidwa kamodzi, kunja kwa onTouchEvent. Ndinaonapo khodi yomwe inkapanga GestureDetector yatsopano pa uthenga uliwonse. Yoteroyo singadziwe kuti chala chinachokera pati, chifukwa yomwe inaona ACTION_DOWN inatayidwa kale.

Pali kenanso kobisala apa. Log ikaonetsa zonse, yankho=true, koma onTouchEvent yanu osaitanidwa, fufuzani mu Activity kapena Fragment ngati wina anaika setOnTouchListener pa View imeneyi. Listener ameneyo amafunsidwa koyamba, ndipo akabweza true, onTouchEvent imagona ndi njala.

5. Ngati pabwera ACTION_CANCEL: kholo lalanda

Apa ndi pomwe panali theka la vuto langa. Thabwa ndinaliika m'kati mwa ViewPager2, tsamba lina la masewera, lina la malamulo. ViewGroup iliyonse ili ndi onInterceptTouchEvent, ndipo imasuzumira uthenga uliwonse usanafike kwa mwana. ScrollView ikaona chala chayenda chotsika kapena chokwera kupitirira kamtunda kotchedwa touch slop, imati uku n'kwanga. ViewPager2 imachita zomwezo chala chikapita cham'mbali. Mwana amangolandira ACTION_CANCEL, zotsalazo kholo n'kudya lokha. Touch slop pa Android wamba ndi 8dp (dp ndi muyezo wa mtunda pa sikirini wosadalira kuchuluka kwa mapikiselo a foni), choncho kulandako kumachitika chala chisanapite patali n'komwe.

Mankhwala ake ndi kuuza kholo kuti lisalowerere:

```kotlin
if (e.actionMasked == MotionEvent.ACTION_DOWN) {
    parent.requestDisallowInterceptTouchEvent(true)
}
```

Pempholi limakwera mpaka kwa makolo onse a pamwamba, ndipo limafufutika lokha kukhudza kwatsopano kukayamba, ndiye muyenera kulipereka pa ACTION_DOWN iliyonse, osati kamodzi mu init.

Kwa bawo zimenezi zinakwana, chifukwa chala chikagwa pa thabwa ndimafuna chikhale cha thabwa. Koma ngati View yanu ndi yaitali ndipo ili mu ScrollView, kutseka kotheratu kumamusowetsa munthu pogwira kuti atsike. Zikatero gawanani. Tsekani pa ACTION_DOWN, sungani x ndi y woyambira, ndipo pa ACTION_MOVE dikirani mpaka chala chipitirire touch slop. Chikakhala kuti chayenda kwambiri chotsika kuposa cham'mbali, bwezani requestDisallowInterceptTouchEvent kukhala false, kholo litenge. Chikapita cham'mbali, gwiritsitsani mpaka mapeto. Chisankhocho chipangeni kamodzi pa kukhudza kulikonse. Mukamasintha maganizo pa ACTION_MOVE iliyonse, munthu amaona tsamba likunjenjemera.

Nambala ya touch slop musailembe pamtima. Itengeni kwa `ViewConfiguration.get(context).scaledTouchSlop`, imabwera kale m'mapikiselo oyenerera foniyo. 8dp ija pa foni ya density 2 ndi mapikiselo 16, pa density 3 ndi 24. Mukalemba 20 wamba, pa foni ina akhala wamkulu, pa ina wochepa.

Pali kholo lina lomwe silimva pempho limeneli, Android mwini wake. Kuyambira Android 10 wa mu 2019, munthu atha kusankha kuti kukoka chala kuchokera m'mphepete mwa kumanja kapena kumanzere kukhale Back. Maenje anga akumapeto anali m'mphepete momwemo, ndiye wosewera akati alowetse njere m'kati, app inkabwerera m'mbuyo. Pali setSystemGestureExclusionRects, yomwe inabwera ndi API 29: mumaipatsa ma Rect a malo omwe mukufuna Android awasiye, ndipo mumaiitana mu onLayout. Koma Android amangolola 200dp m'litali pa mbali iliyonse, ndipo m'munsi momwe anthu amakokera kupita Home simungamukhudze. Ine ndinaona kuti chanzeru ndi kungosiya mpata m'mbali. Zinandikakamizanso kugoneka thabwa chopingasa, chifukwa pa foni ya 360dp m'lifupi maenje 8 amapeza 45dp lililonse, mpata wa m'mbali usanachotsedwe, pomwe malangizo a Android amati malo odina asachepere 48dp.

Chomaliza pa gawoli: ACTION_CANCEL idzabwerabe tsiku lina, kaya chifukwa cha kholo kaya cha Android. Ikafika, zimitsani kuwala kwa dzenje losankhidwa ndipo musasunthe njere. Musaitenge ngati ACTION_UP.

6. Zonse zafika, koma app yamva zina

Tsopano ndi pomwe tingaiyang'ane GestureDetector, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa theka lina la vuto langa linali pano. Ikani log m'ma function onse a listener: onDown, onShowPress, onSingleTapUp, onScroll, onLongPress, onFling, onDoubleTap ndi onDoubleTapEvent. Kenako perekani foni kwa munthu wina, osati inu. Chala cha mwini khodi chimadziwa kale zomwe khodiyo imafuna.

Nditakhala pambali pa amalume n'kumaonera, ndinaona mmene amachitira. Amaika chala pa dzenje, n'kuima kaye kuwerenga m'mutu komwe njere zikathere, monga amachitira pa thabwa lenileni, kenako n'kukoka mwaulemu, n'kuimanso, n'kuchotsa chala. Log inalemba onDown, onShowPress, onLongPress, basi. Kukanikiza kukangokwana pafupifupi theka la sekondi chala chisanapitirire touch slop, GestureDetector imaitana onLongPress ndipo pa kukhudza kumeneko siperekanso onScroll kapena onFling. Nthawi imeneyi mwini foni athanso kuisintha mu Accessibility, pa Touch & hold delay, ndiye simungaidalire kuti ndi imodzi paliponse.

Apa muyenera kusankha. Ngati kukanikiza kwa nthawi simukukufuna, zimitsani ndi `detector.setIsLongpressEnabled(false)`, onScroll izibwera ngakhale munthu atazengereza. Ine ndinazimitsa, ndipo chiwerengero cha njere ndinangochilemba pambali pa dzenje lililonse. Kunena zoona chinayenera kukhala pamenepo kuyambira pachiyambi.

Komabe njere sizinasunthe. onFling siimva kukoka kulikonse, imamva liwiro lomwe chala chili nalo pa mphindi yochoka pa sikirini, ndipo liyenera kupitirira 50dp pa sekondi. Munthu woima kaye asanachotse chala, liwiro lake limakhala ziro, ngakhale atayenda theka la sikirini. Ndiye ngati chomwe mukufuna kudziwa ndi mbali yokha, onFling si chida chake. Sungani x wa pa ACTION_DOWN, ndipo pa ACTION_UP yerekezani (slop m'khodimu ndi scaledTouchSlop ija):

```kotlin
MotionEvent.ACTION_UP -> {
    val dx = e.x - xWoyamba
    if (abs(dx) > slop * 2) gawaNjere(kumanja = dx > 0)
}
```

ACTION_UP imeneyi muyenera kuigwira nokha mu onTouchEvent, chifukwa GestureDetector ilibe function yokuuzani kuti kukoka kwatha. Ngati mukugwiritsa ntchito onScroll, chenjerani ndi distanceX: ndi x wakale kuchotsa x watsopano, ndiye chala chikapita kumanja nambalayo imakhala ya minus. Ambiri amadabwa zinthu zikuthawa chala m'malo mochitsatira.

Amalume atatheka, msuweni wanga wa zala zothamanga anabweretsa lake. Iye amadina dzenje n'kukoka nthawi yomweyo, ndipo kukokako kunkasowa. Log inaonetsa onDoubleTap ndi ma onDoubleTapEvent ondondozana. Nkhani yake ili motere. SimpleOnGestureListener imamveranso kudina kawiri, kaya mwapempha kaya ayi, ndipo GestureDetector imailembetsa yokha. Chala chikabweranso pasanathe ma millisecond 300, pamalo osapitirira 100dp kuchokera poyamba, kumeneko kumawerengedwa ngati kudina kawiri, ndipo zonse zotsatira zimapita ku onDoubleTapEvent. onScroll, onFling ngakhale onSingleTapUp yachiwiri sizibwera. Pa thabwa la maenje oyandikana, 100dp ndi maenje awiri athunthu. Ngati app yanu ilibe ntchito ndi kudina kawiri, chotsani:

```kotlin
detector.setOnDoubleTapListener(null)
```

Mukatero onSingleTapConfirmed nayonso imasiya kubwera, ndiye kudina kwanu kukhale mu onSingleTapUp. Ngati mukufunadi zonse ziwiri, kudina kamodzi ndi kawiri, gwiritsani ntchito onSingleTapConfirmed, koma dziwani kuti imadikira ma millisecond 300 aja kuti ione ngati kwachiwiri kukubwera. Anthu amati app ikuchedwa, pomwe ikungodikira. Pa masewera kudikira kumeneko kumamveka kwambiri.

7. Chala chachiwiri

Foni ikagonekedwa chopingasa, chala chachikulu cha dzanja logwirira chimakonda kutsamira m'mphepete mwa sikirini. Log yanu ija iwonetsa zala=2. Zinthu ziwiri zimasokonekera pamenepa.

Choyamba, `when (e.action)` imasiya kugwira. Chala chachiwiri chikagwa, nambala ya action imanyamulanso malo a chalacho, ndiye m'malo mwa 5, yomwe ndi ACTION_POINTER_DOWN, mumalandira 261. Gwiritsani ntchito actionMasked nthawi zonse, ndipo chala chomwe chachititsa uthengawo muchipeze ndi actionIndex.

Chachiwiri, e.x wopanda nambala amanena za chala cha pa index 0, ndipo index imasintha chala china chikachoka. Chomwe sichisintha ndi pointer id. Pa ACTION_DOWN sungani `e.getPointerId(0)`, pa uthenga uliwonse pezani index yake ndi findPointerIndex, ndipo ikabweza -1 musawerenge x, app ingagwe. Pa ACTION_POINTER_UP onani ngati chochokacho ndi chomwe mumatsatira. GestureDetector payokha imatenga pakatikati pa zala zonse, ndiye chala chimodzi chikangokhala china n'kumayenda, mtunda wa mu onScroll umatsika ndi theka.

Ngati View yanu imakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, ScaleGestureDetector ipatseni uthenga uliwonse, osati okhawo a zala ziwiri, ndipo musadalire yankho la onTouchEvent yake chifukwa nthawi zonse ndi true. Mu onScale bwezani true mukagwiritsa ntchito scaleFactor. Mukasiya false, nambalayo imaunjikana ndipo chithunzi chimatupa mothamanga. Pa emulator zala ziwiri mumazipeza pogwira Ctrl, kapena Command pa Mac.

Kanthu kena kakang'ono: ngati View ikusuntha yokha potsatira chala ndipo ikunjenjemera, mukuwerenga e.x, yemwe amayezedwa kuchokera pa ngodya ya View yomwe ikusunthayo. Tengani rawX ndi rawY, amayezedwa kuchokera pa sikirini.

8. Ziwiri zomwe Android Studio ikukalipireni

Mukakweza compileSdk kufika 34, Kotlin ikhoza kukana onScroll ndi onFling zanu kuti sizikufanana ndi za mu SimpleOnGestureListener. Mu API 34, e1, MotionEvent woyamba yemwe ma function awiriwa amalandira, analembedwa kuti atha kukhala null. Sinthani kukhala `e1: MotionEvent?` ndipo akakhala null bwezani false. Musaike `!!` kuti mungodutsa.

China ndi chenjezo la lint lotchedwa ClickableViewAccessibility, lomwe ambiri amangolitseka pakamwa. Likunena zoona. Munthu wosaona yemwe akugwiritsa ntchito TalkBack, yomuwerengera zomwe zili pa sikirini, sadutsa mu onTouchEvent yanu momwe mukuganizira, kudina kwake kumafika ngati performClick. N'chifukwa chake mu khodi ya pa gawo 4 muli performClick. Kwa View ngati thabwa langa, momwe malo odina alipo 32 m'kati mwa View imodzi, izi sizikwana. Pamafunika ExploreByTouchHelper, yomwe imauza TalkBack za dzenje lililonse palokha.

9. Yesani ndi chala chosatopa

Mukakonza, muyenera kubwereza kukhudza komweko mosasintha, ndipo dzanja la munthu silingathe. adb imatha. Tengani manambala a malo pa Pointer location ija, kenako:

```
adb shell input tap 300 600
adb shell input swipe 300 600 700 600 80
adb shell input swipe 300 600 400 600 4000
adb shell input swipe 300 600 300 600 1000
```

Nambala yomaliza pa swipe ndi ma millisecond. Mzere wachiwiri ndi msuweni wanga, mapikiselo 400 mothamanga. Wachitatu ndi amalume: mapikiselo 100 m'masekondi 4, kutanthauza 25 pa sekondi, ndiye pa foni ya density 2 chala chimatenga ma millisecond 640 kuti chipitirire touch slop, ndipo ngati simunazimitse onLongPress ikhala italira kale. Wachinayi sasuntha n'komwe, ndi kukanikiza kwa sekondi imodzi. Yesaninso wachiwiri kuyambira m'mphepete mwenimweni, x akhale 5, pa foni yomwe Back ndi wokoka chala.

Mizere inayi imeneyi ndinaisunga mu kafayilo ka script, ndipo ndimaiyendetsa nthawi iliyonse ndikakhudza onTouchEvent kapena ndikasintha layout yomwe thabwa likukhalamo, logcat ili yotsegula pambali.